Malowolo Opanda Chivindikiro

Yona Kambalame anabwera ku Bolero kudzaphunzitsa masamu pa sekondale yoyendera, koma anthu a pamsika ankamudziwa ndi ntchito ina, yokangana za basiketibolo. Anali mwana wa ku Dedza, wamfupi ndithu, woti mpira wa anthu ataliatali uja sakanaugoletsa ngakhale atakwera pampando. Koma pakamwa pokha, ayi ndithu, Mulungu sanamumane.

Loweruka lililonse masana, kuseri kwa golosale ya mayi Dinah, kanema ankaonetsa masewero a ku America amene anaseweredwa kale Amalawi ali mtulo. Oonera sanali ambiri. Anyamata a mpira wamiyendo ankangosuzumira pazenera n'kuseka kuti azibambo a ndevu zawo akuonera ntchemberembaye ya amuna. Otsalawo, aphunzitsi angapo, wapolisi mmodzi ndi mkulu wina wogula fodya, ankakhala pamabenchi ngati bwalo lamilandu, kuweruza anthu amene sadzamva n'komwe kuti padziko pano pali malo otchedwa Bolero.

Kutsogolo kunali mpando umodzi wapulasitiki, ndipo aliyense ankadziwa kuti ndi wa a Laws Gondwe. Iwowa anali mkulu wa mpingo, mphunzitsi wopuma, munthu wovala tayi ngakhale popita kudimba. Basiketibolo anaidziwira ku sukulu ya mishoni kalekale, ndipo chiyambire sanakhutirepo ndi wosewera aliyense.

Mlandu waukulu unali wa chimunthu china chachitali chimene gululo linachitcha Mlongoti, poti dzina lake lenileni linkapweteka lilime. Mlongotiyu ankalandira ndalama zoti atafuna akanagula boma lonse la Rumphi ndi mbuzi zomwe. Koma tsiku lina atayatsa kanema anamuona ali phee pabenchi, atavala suti, akutafuna chingamu. Sanathyoke mwendo, sanadwale malungo. Kochi wake anangoti akumupumitsa kuti adzakhale ndi mphamvu pamasewero otsiriza.

"Uku n'kuba!" anakalipa a Laws, akuloza kanema ndi ndodo. "Munthu walandira malipiro, asewere. Ine zaka zonse zija ndinkalowa m'kalasi ndi chimfine chomwe. Kupuma ndi pa Sabata pera. Sono uyu akupumira vichi?"

"Akulu, thupi si thirakitala," anayankha Yona. "Ngakhale ng'ombe yokoka ngolo mumaimasula goli dzuwa likafika pamutu. Munthu akasewera lero, mawa ndi mkuja, bondo limatha. Likatha adzamudyetsa ndani? Inuyo, ndi penshoni yanuyo?"

Anthu anafa nalo phwete. Ndipo apa ndi pamene panali matenda a Yona: kuseka kwa anthu kunkamuledzeretsa kuposa kachasu. Akangomva kuti mabenchi ali mbali yake, pakamwa pake pankayenda pokha.

Panalinso nkhani ina. Ligi ya masewero a ku Americawa ili ndi lamulo loti timu isapyole malire ena ake polipira osewera, kuopa kuti matimu olemera angagule akatswiri onse. Ku Bolero lamuloli analitcha chivindikiro. A Laws ankalikonda ngati lamulo la khumi ndi chimodzi la Mose. Yona ankadana nalo.

"Katswiri alibe mtengo!" anatero Loweruka lina, ataimirira pamwamba pa benchi kuti onse amuone. "Amene akumufuna alipire mpaka thumba libooke. Chivindikiro n'cha pamphika, osati pamunthu."

"Mwati alibe mtengo, aphunzitsi?" anafunsa a Laws modekha.

"Alibe, akulu. Ndipo woikira katswiri malire ndi munthu wanjiru, wamaganizo a nthawi ya atsamunda."

Wapolisi uja anaseka mpaka kutsamwa. A Laws anangokonza tayi yawo n'kuti, "Yewo chomene." Yona anapita kunyumba akuimba mluzu, osakumbuka zoti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata.

Tsono Yonayu anali pachibwenzi ndi Hellen Gondwe, namwino wa pachipatala chaching'ono cha m'deralo. Anadziwana tsiku lina Yona atadzicheka chala ndi chikwanje. Hellen anali atagwira ntchito kuyambira dzulo lake chifukwa mnzake womulandira sanabwere, mapazi atatupa, maso ali psuu. Atatenga thonje kuti amutsuke, Yona anamukankhira mpando n'kuti, "Khalani kaye pansi, chala changachi sichithawa. Thupi lotopa liyenera kupuma." Hellen anali atamva mawu okoma ambirimbiri kwa amuna, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamuuzapo kuti akhale pansi. Anamukondera chimenecho, ndipo anamuuza poyera.

Hellen sanaleke kumutsina khutu. "Yona, munthu amene ukumusandutsa choseketsa Loweruka lililonse uja ndi adada walara, mkulu wawo wa malemu bambo anga. Uziwapatsa ulemu."

Yona ankangogwedeza mutu. Kwawo ku Dedza mwini mbumba ndi malume, ndipo abale a bambo amangobwera kudzadya paukwati n'kumapita. Choncho ulemu wake wonse anautengera ku Hewe, kwa a Greyson, mlongo wawo wa amayi ake a Hellen. Ankapalasa njinga mtunda wonse uja atanyamula shuga, sopo, tsiku lina shati, tsiku lina tambala wamoyo. A Greyson ankalandira zonse ndi manja awiri, kumudalitsa kwambiri, osamuuza kanthu. Anali munthu wosakonda kusokoneza mlendo amene wabwera ndi shuga.

Itakwana nthawi yofunsira mbeta, Yona anapempha mphunzitsi mnzake, Thumbiko Mhango, kuti akhale thenga wake, munthu wonyamula mawu pakati pa mabanja awiri. Atamuuza kuti apite ku Hewe kwa a Greyson, Thumbiko anaseka mpaka misozi.

"Kwa asibweni? Iwe, kuno si ku Dedza yayi. Kuno malume ndi mlendo wolemekezeka basi. Mwana ndi wa kuchimuna. Ng'ombe za malowolo amatchula ndi a Laws."

Yona anakumbuka penshoni, anakumbuka atsamunda, anakumbuka tambala uja. Safunsa anadya phula.

Thumbiko anapita ndithu kwa a Laws, ndipo pobwerako anamupeza Yona pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kalasi, akudikira ngati wodwala pamzere.

"Andilandira bwino chomene," anatero Thumbiko. "Tiyi wamkaka, mbatata, pemphero. Kenako akuti mwana wawo ndi namwino, wophunzira, woimba kwaya, wosamwa mowa. Mwachidule, katswiri. Ndipo akuti anaphunzira kwa mphunzitsi wina wanzeru kuti katswiri alibe mtengo."

"Ndiye akuti ng'ombe zingati?"

"Anayamba ndi ya sukulu ya pulayimale. Kenako ya sekondale, ya koleji, ya yunifolomu, ya nsapato zimene anang'amba popita ku Sande sukulu, ya misozi ya amayi ake tsiku la mayeso. Ine ndinasiya kuwerenga. Pamene ndimatsanzika anali asanamalize. Akuti amene akumufuna alipire mpaka thumba libooke."

Yona anakhala pansi padothi. Malipiro ake ankatha mwezi usanafike pakati, ndipo ng'ombe yokhayo imene anali nayo inali ya pachithunzi cha pa chitini cha mkaka. Anachita mantha enieni, chifukwa Hellen ankamukonda ndi mtima wonse, ndipo anaona kuti amutaya chifukwa cha chimunthu cha suti chotafuna chingamu ku America.

Thumbiko anabwererakonso kukapepesa, kuwomba m'manja, kukumbutsa nkhalambayo za chikhululukiro chimene imalalikira. A Laws anasiya kakhomo kamodzi. Ngati aphunzitsi aona tsopano kuti chivindikiro n'chabwino, akanene pamalo pomwe anachinyozera, pamaso pa mabenchi onse. Akatero malowolo adzakhala a mwambo, ngati a mwana wina aliyense wa m'banjamo. Koma akakonzenso nkhani ya kupuma ija, chifukwa munthu salapa theka la tchimo.

Yona anavomera asanamalize n'kumva. Kwa Hellen sanafotokoze zambiri, poti manyazi anamugwira. Anangoti, "Loweruka ndikathana nawo adada ako, uona." Hellen anamva ngati bwenzi lake likukaima ngati mwamuna kumumenyera nkhondo, ndipo mtima wake unasangalala.

Lowerukalo kachipinda kanadzaza kuposa masiku onse, chifukwa Thumbiko anali thenga wabwino koma wosasunga chinsinsi. Ngakhale anyamata a mpira wamiyendo analowa. Mwamwayi kapena mwatsoka, kanema atayaka Mlongoti anali pabenchi pomwe paja, suti ina yatsopano, miyendo atapiringiza.

Yona anaimirira. Poyamba mawu ankatuluka movuta.

"Akulu akulu, ine ndaganiza mofatsa. Chivindikiro chija... n'chabwino. Chilichonse chiyenera kukhala ndi malire. Ngakhale katswiri ali ndi mtengo wake woyenera."

"Kwezani mawu, aphunzitsi," anatero a Laws osatembenuka. "Makutu anga ndi a nthawi ya atsamunda."

Yona anakweza. Anthu anaseka, ena anaomba m'manja, ndipo matenda aja anayambanso. Akanangonena mawu awiri okhudza kupuma n'kukhala pansi, zonse zikanatha bwino. Koma mabenchi anali mbali yake, ndipo pakamwa panatentha. Anakwera pabenchi.

"Nanga uyu wakhala apayu akupumira chiyani? Munthu ukamulipirira ndi wako! Asewere lero, mawa ndi mkuja. Bondo likatupa amange nsanza. Akuti watopa? Polandira ndalama anatopa? Ng'ombe ukaigula suifunsa ngati ikufuna kukoka ngolo lero. Umangoiveka goli, iwe n'kukwera pamwamba!"

Chipinda chinagwedezeka ndi mfuu. Wogula fodya anamenya benchi ndi chipewa. A Laws anamwetulira koyamba chibwerere kanemayo ku Bolero, n'kuuza mayi Dinah kuti abweretse mpando wachiwiri wapulasitiki auike pambali pa wawo.

"Thumbiko," anatero mokweza kuti onse amve, "mawa ubwere kunyumba tikambe ng'ombe za mwambo. Mkweni, mkamwini wathuyu, wachira."

Yona anatsika pabenchi mtima uli m'malo, thukuta lili kamukamu. Potembenuka kuti alandire moni wa anzake, maso ake anafika pakhomo lakumbuyo, pamene pankakhala makireti opanda kanthu. Hellen anali ataima pamenepo, atavala yunifolomu yake yoyera, nsapato zili m'manja. Anali atangoweruka kumene, ndipo anabwera molunjika kudzaona mwamuna wake akumumenyera nkhondo.

Hellen anatembenuka n'kutuluka. Yona anamuthamangira n'kumupeza pafupi ndi chigayo.

"Hellen, zija zinali zongowasangalatsa adada ako. Ukudziwa mmene alili. Taona, ng'ombe zatsika!"

"Ndamva kuti zatsika," anatero Hellen. Mawu ake anali otsika, osakalipa. "Ndamvanso zimene umachita nayo ng'ombe ukaigula."

"Ndimanena Mlongoti, osati iwe."

"Nawonso adada ankanena Mlongoti, mpaka tsiku limene anayamba kuwerenga nsapato zanga za ku Sande sukulu. Tandiuza, Yona, zoona ndi ziti? Za tsiku la chala lija, kapena za lero?"

"Za tsiku la chala, ndithu, pamaso pa Mulungu."

"Komatu lero unayankhula bwino chomene kuposa tsiku lija. Tsiku lija sunakwere pabenchi."

Yona anaweramitsa mutu. Anayang'ana mapazi a Hellen ali pafumbi, otupa ngati tsiku lomwe lija. Panalibe mpando woti amukankhire.

"Umuuze Thumbiko asavutike kupita kwa adada mawa," anatero Hellen. "Chaka chino sindisewera. Ndikupuma."

Anatembenuka n'kutsika njira ya ku nyumba za anamwino, pang'onopang'ono, akusankha poponda chifukwa cha timiyala. Yona anaima pomwepo akumuyang'ana mpaka anakhota kuseri kwa tchalitchi.

Kumbuyo kwake zenera la kachipinda linatseguka, ndipo a Laws anasuzumira, nkhope ili ngwee ndi chimwemwe.

"Mkweni! Mukutani padzuwapo? Lowani, mpando wanu ndakusungirani."