Matayala a Mbali ya Kumpanda

"Agogo, ngati tayala silinabooke, nanga mpweya umathawira pati?"

Anafunsa chonchi ndi mdzukulu wawo, kale a Dalaivala akadali ndi mphamvu. Tsikulo a Dalaivala anali atagwada pambali pa galimoto yawo, geji yoyezera mpweya ili m'manja. Sanamuseke mwanayo. Anamuuza kuti mpweya sutsanzika, umangozemba pang'onopang'ono ngakhale m'tayala latsopano, ndipo wodikira kuti aone ndi maso amakhala atachedwa kale.

Mdzukuluyo anasamukira kutali ndi makolo ake. A Dalaivala nawo anagwa m'bafa m'mawa wina, ndipo kuchipatala anabwerako mbali yakumanja itafa, lilime litalemera. Mawu anawatsalira owerengeka.

Galimoto inakhala pomwe anaiimika komaliza, pakati pa zenera la pabalaza ndi mpanda wa aneba awo, a Telala. Ana atanena kuti igulitsidwe, a Dalaivala anamenya tebulo ndi dzanja lamanzere mpaka kapu inagwa. Ana anaisiya nkhaniyo, koma pochoka anawauza amayi awo kuti mankhwala azigula, koma za chigalimotocho asadzamvenso.

Loweruka lililonse m'mawa, dzuwa lisanafike pabwalo, Mayi ankakhazika amuna awo pampando wa pazenera, iwo n'kutuluka ndi geji ndi pampu yopondera. Malamulo ake ankawadziwa, poti anawamva zaka zonse za ukwati wawo. Tayala amaliyeza lili lozizira, chifukwa likatenthedwa limanama. Nambala yoyenera ndi imene ili pa kapepala komata pamphuthu ya chitseko cha dalaivala, osati yolembedwa patayala. Kuliponda ndi phazi si kuyeza.

Gejiyo inali yonga cholembera. Ukaikanikiza pa valavu, polowera mpweya paja, kamtengo koyera ka manambala kankatuluka kumbuyo kwake n'kuima pomwe mpweya wafika. Mayi akapopa tayala limodzi ankabwera nayo pazenera, a Dalaivala n'kuiyang'anitsitsa, n'kugwedeza mutu. Kanayi konse. Akatero ankati, "Ndiyendetsa." Tsiku limenelo ankadya bwino, ndipo sabata yonse ankalola kuti Mayi aziwawongola dzanja lakufalo monga anauzidwira kuchipatala.

Dokotala anali atawauza Mayi paokha kuti kuyendetsa kunatha. Iwo anangosunga mumtima. Ankaona kuti bamboyo akudyera galimotoyo, osati njala.

Kenako bondo la Mayi linayamba kutupa. Kuponda pampu kunasanduka chilango, ndipo tayala lakumbuyo la mbali ya kumpanda linkamwa mpweya ngati mchenga. Loweruka lina anaponda, anaponda, mpaka anakhala pansi kuseri kwa galimoto misozi ili chuchuchu. Ali pomwepo anazindikira kuti kamtengo ka geji kamakokeka ndi chikhadabo. Anakakoka mpaka pa nambala yoyenera, n'kupita nako pazenera. A Dalaivala anagwedeza mutu.

Kuyambira pamenepo ankapopa awiri ooneka pazenera okha. A kumpandawo ankangopitako, kukhala pang'ono, kukoka kamtengo, n'kubwera.

Zinayenda choncho kwa kanthawi. Koma Loweruka lina a Dalaivala sanaiyang'ane n'komwe geji. Maso awo anali panja. Anakweza dzanja lamanzere n'kuloza denga la galimoto, kenako m'mphepete mwa mpanda kuseri kwake. Kale mizere iwiriyo inkayendera limodzi.

"Yapendeka," anatero.

"Ndi nthaka, bambo. Mvula ija inafewetsa pansi."

Anawayang'ana akazi awo nthawi yaitali. Kenako anatenga geji, naika chala chachikulu pa kamtengo, n'kukakankhira m'kati. Anakakokanso ndi chikhadabo, pang'onopang'ono, mpaka pa nambala yomweyo. Anaiika pazenera n'kutembenuzira nkhope kukhoma.

Tsiku limenelo sanadye. Mawa lake tiyi anazizira pambali pawo, ndipo Mayi atafuna kuwagwira dzanja lija, analibisa pansi pa bulangete. Sanakalipe. Akanakalipa zikanakhalako bwino.

Lolemba m'mamawa Mayi anakagogoda kwa a Telala. Anawapeza akuthira mafuta makina awo osokera, tepi ili m'khosi.

"Alamu, m'mawa uno? Kapena a Kamba ang'amba buluku pothamanga?"

A Telala ndi okhawo amene ankatchulabe a Dalaivala dzina limeneli, limene anzawo anawapatsa chifukwa choyendetsa mosathamanga. Mayi sanaseke. Anafotokoza zonse ali chiimire pakhomo. A Telala anapukuta manja, osanena kuti mwalakwa kapena mwakhoza.

"Bwenzi mutanena kale. Ine ntchito yanga ndi yopondaponda tsiku lonse. Miyendo iyi ndaisungira chiyani?"

Anazungulira kumpanda. Tayala lakutsogolo linali lofewa, koma lakumbuyo linali litakhaliratu pansi, litafutukuka ngati mkate woponderezedwa. A Telala analumikiza pampu n'kuyamba kuponda. Galimoto inadzuka pang'onopang'ono, ikulira m'malo olumikizira. Atamaliza anapempha madzi a sopo, chifukwa anaonapo a Dalaivala akuchita zimenezo. Anathira pa valavu, osaoneka kanthu. Atathira m'mbali mwa tayala, thovu linayamba kutuluka paliponse, timatuza tating'ono tambirimbiri totsatira ming'alu.

"Likanakhala bowo limodzi, bwenzi tikumata," anatero a Telala. "Koma apa ndi ngati nsalu yoti yatha. Ukasoka apa, ulusi womwewo ung'amba apo."

"Nanga lapadera lija?" anafunsa Mayi.

Anatsegula kumbuyo. Tayala lapaderalo linali louma gwa, ming'alu yake yoti n'kulowa chikhadabo. A Telala anatsekanso mwakachetechete.

"Ana sangathandize?"

"Tayala la galimoto yosayenda? Anandiuziratu. Ndipo sindiwaimba mlandu, akulimbana ndi mankhwala."

A Telala anayang'ana mulu wa njerwa umene unali pakona ya mpanda. "Tikhoza kuikweza ndi jeke, n'kuika njerwa kunsi. Iima mowongoka mpaka kalekale. Pazenera paja sangazione."

Mayi anapukusa mutu. "Munthu uja anaona kupendeka kwa denga ali m'nyumba. Galimoto yokhala panjerwa sangaidziwe? Ikawomba mphepo siigwedezeka. Ayi, aneba. Kamtengo kaja kandikwana."

Analowa onse m'nyumba. A Dalaivala anali pampando, nkhope ili kukhoma.

"A Kamba! Mwayamba liti kunyanyala ngati mtsikana? Tayang'anani panja, ndakupoperani ngolo yanu ija."

Panapita nthawi asanatembenuke. Atatembenuka anayang'ana denga, n'kuyang'ana mpanda. Mayi anatenga geji kuti akayeze, koma a Dalaivala anatambasula dzanja n'kuwagwira pamkono. Anailanda n'kuipereka kwa a Telala.

Mayi anangoima pomwepo. Zaka zonsezo gejiyo sinagwidwepo ndi munthu wakunja.

A Telala anatuluka n'kuyeza, akubwera nayo pazenera ataigwira ndi zala ziwiri m'mwamba kuti kamtengo kaoneke kuti sakukakhudza. Pa tayala lachitatu a Dalaivala anakweza chala: mpweya wachuluka. A Telala anabwerera kukatulutsa pang'ono, akung'ung'udza kuti ngakhale makasitomala a madiresi aukwati savuta chonchi. Pa lachinayi a Dalaivala anagwedeza mutu. Anamwa theka la tiyi ndi kachidutswa ka buledi. Mawu aja akuti "ndiyendetsa" sanawanene.

Pofika masana Mayi anaona kuti denga layambanso kutsikira kumpanda. Anapita pazenera n'kugwira katani.

"Dzuwa likukulasani m'maso, bambo."

Dzuwa linali kuseri kwa nyumba. A Dalaivala anayang'ana galimoto, n'kuyang'ana akazi awo, ndi bondo lawo lomangidwa nsalu.

"Umazemba," anatero motsitsa. Kenako anakodola ndi chibwano kuti atseke.

Chakumadzulo Mayi akuanula zovala, a Telala anasuzumira pampanda. Onse awiri anayang'ana tayala lija. Linali litatsika kale ndi theka.

"Adya?"

"Pang'ono. Dzanja akukanabe."

"Lero lagwira mpaka masana. Tikalipopa m'mawa uliwonse, aziiona ili chilili nthawi ya tiyi."

"M'mawa uliwonse, aneba? Inu muli ndi ntchito zanu. Komanso ming'alu ija ikukula. Mwezi wamawa lizidzaphwa tisanamalize n'komwe kuwatengera geji. Tsiku lina lidzangophulika."

"Ndikudziwa."

"Iwonso akudziwa."

"Eya, akudziwa." A Telala anachotsa tepi m'khosi n'kuipinda pang'onopang'ono. "Mkazi wanga atadwala, a Kamba ankamutengera kuchipatala pa galimoto yomweyi. Ankayendetsa ngati anyamula mazira, ine ndikupsa mtima kumbuyo kuti tifulumire. Sanachire, koma sanamvepo bampu ngakhale imodzi."

Mayi anapinda malaya a amuna awo n'kuwaika m'beseni.

"Pampu musailowetse m'nyumba, alamu. Muziisiya apa pansi pa mpanda. Ndizibwera dzuwa lisanafike pabwalo, makina anga asanayambe kulira."

"Mpaka liti?"

"Mpaka litaphulika. Ndipo likadzaphulika, ndidzalowa ndine kukawauza. Simudzanena ndinu."

"Mwalonjeza?"

"Ndalonjeza."

Mayi anatenga pampu, nakulunga paipi yake monga ankachitira a Dalaivala, n'kuiika pansi pa mpanda.