Amene Ankadya Batire ya Pikapu Yanga

Kodi mungalote kuti ndani ankadya batire ya galimoto yanga, injini ili yozimitsa, zitseko zili zokhoma, kiyi ali m'chikwama changa?

Ntchito yanga ndi yogawa buledi. Ndimapakira ku bekale m'mamawa n'kumakatula m'magolosale anthu asanatereke tiyi. Koma inafika nyengo yoti ndikapotokola kiyi, injini inkangoti kho, kenako zii. Bambo a kunyumba ankatuluka atavala kabudula n'kundikankha mpaka pamtsetse, uku akundinena kuti ndimaiwala kuzimitsa nyali. Ine ndinkapepesa. Ndinagula batire yatsopano, nayonso inayamba kufooka. Mwini bekale anandiuza mosapsatira mawu kuti ndikadzachedwanso, ntchito ija adzapatsa wina.

Masana a tsiku lomwelo ndinapita kwa mmisiri wa magetsi a galimoto, amene aliyense amawatchula kuti a Fyuzi. Bambo a kunyumba anaumirira kundiperekeza, ati amisiri amapusitsa azimayi.

Garaja ya a Fyuzi ndi shedi ya malata, benchi yakuda ndi oyilo, ndi mawaya olendewera pamisomali. Anayamba ndi kuyeza ngati galimoto ikuchaja, ndipo anapeza kuti ikuchaja bwino. Kenako anazimitsa zonse, anamasula chingwe chimodzi cha batire n'kulumikiza mita yawo pakati. Anandifotokozera kuti galimoto ikaima imayenera kumwa moto pang'ono chabe, koma manambala a pamita ankaonetsa kuti yanga sinkagona.

"Mayi, muli ndi mlendo amene amadya osasamba m'manja," anatero.

Anayamba kuzula mafyuzi mmodzimmodzi, maso ali pamita. Wa wayilesi, wa nyali ya m'kati, wa hutala. Manambala osasuntha. Bambo a kunyumba anayamba kuponda apa ndi apo. Anati tikungotaya nthawi, bwanji tingogula batire yokulirapo.

"Achimwene, ndowa yobooka ngakhale ikule bwanji, madzi amathabe," a Fyuzi anayankha osadzutsa mutu.

Mafyuzi atatha, anaunika ndi tochi pamutu pa batire. Pansi pa chingwe chachikulu panabisala kawaya kofiira, kopyapyala, kooneka katsopano. Anakalondola ndi zala, kanalowa m'kati mwa galimoto. Anagona chagada pansi pa chiwongolero, miyendo ili kunja, ndipo anatulukamo ndi kabokosi kakuda, kofanana ndi ka machesi, kokulungidwa ndi tepi, kakulendewera kuwaya kuja.

Anandiuza kuti kachipangizo kameneko kamadziwitsa munthu pafoni pake kulikonse kumene galimoto yapita ndi pamene yaima. Amene anakaika anakalumikiza ku batire mwachindunji, osadzera pa fyuzi, ndipo kanali ka mtundu wachabechabe kosadziwa kupuma. Anandifunsa ngati galimoto ndinaigula nako. Ndinakana, poti pikapuyo ndakhala nayo kuyambira mwana wathu woyamba ali kumsana.

Ndinaganiza za akuba. Ndinaganizanso za mwini bekale. Ndi mantha, ndinagwira mkono wa mwamuna wanga, ndipo ndinamva kuti wanyowa thukuta. Bambo a kunyumba anati kabokosiko tisakakhudze, tikasiye momwemo, adzapita okha kupolisi mawa.

A Fyuzi anawayang'ana kwakanthawi, kenako anatembenukira kwa ine.

"Kameneka mukakadula waya, kamatumiza uthenga kwa mwini wake kuti kalandidwa chakudya. Galimoto ndi yanu, mayi. Ndidule?"

"Amayi a mwana, tiyeni tikakambirane kunyumba," anatero bambo a kunyumba chapansipansi.

Ndinausiya mkono uja.

"Dulani," ndinatero.

Pulayala inati tswa. Manambala a pamita anatsika mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Ine ndinkalakalaka kuti pasamveke kanthu.

Foni inalira m'thumba la malaya a mwamuna wanga. Kabokosi kaja anakaika ndi iwowo.