Mtengo wa Mchombo wa Twumasi

Agya Fosu (Agya kwathu kuno ndi kunena kuti bambo) ankakhala yekha kumapeto kwa mudzi, iye ndi mtengo wa malalanje basi. Pansi pake anakwirirapo mchombo wa mwana wake Twumasi, ndipo kwathu kuno aliyense amadziwa kuti mtengo wotere ukadwala, mwini mchombo sali bwino. Twumasiyo anapita kokumba golide kumtunda kwa mtsinje, zaka zitatu osabwera, ngakhale foni osaimba. Za moyo wake, bamboyo ankazifunsa kwa masamba.

Chilimwe china masambawo anachita chikasu, m'mbali ngati awauka pamoto. Mkuluyo anagwidwa ndi mantha. Ndowa zothirira anaziwonjezera, kuchoka pa zinayi kufika khumi, akutsimphina kuchokera kumtsinje wathu wofiirawu. Wachisoni ine, mtengo unkangoipiraipira.

Tsiku lina Adubea, mlangizi wa alimi a koko, anamupeza akukhuthula ndowa.

"Agya, kodi mukufuna mtengowu uphunzire kusambira?"

"Seka, mwanawe, mano ukadali nawo. Mwana wanga akudwala uyu."

Adubea anathyola tsamba, n'kufukula muzu umodzi. Unali wakuda, waufupi ngati chala. Kuseka kunatha.

"Madziwa mukutunga kuti?"

"Kumtsinje. Pali kwinanso?"

"Agya, okumba golide amatsukiramo mankhwala akupha otchedwa mekyule. Mtengo uli ndi tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, mmene umakonzera chakudya chake. Chiphecho chikalowa ndi madzi, tizipindato timawonongeka m'kati, mtengo n'kutha mphamvu zonse polimbana nacho. Mukamathirira kwambiri, m'pamene mukuupha msanga."

Mkuluyo anakhala pansi, manyazi ndi chisoni zitamufooketsa. Miyezi yonseyi maondo ake anathera kusenzera mwana wake poizoni.

"Ndiye si Twumasi akudwala?" anafunsa.

"Ndi madzi, Agya."

Mkuluyo anayang'ana ndowa ija.

"Tandiuza, mwanawe. Mtengowu umangomwa m'mawa basi. Nanga mwana wanga woima m'madzimo tsiku lonse, akufikisa mankhwalawo ndi manja?"

Adubea anangoyang'ana njinga imene anabwera nayo.

M'mawa mwake Agya Fosu anavala nsalu yake yopitira kumaliro, poti yabwino inali yomweyo, n'kukhoma chitseko. Panalibe woti atsanzikane naye. Anadutsa pamtengo paja, ndowa ili chivundikire, n'kulowera njira yakumtunda, kokumba golide kuja.