Makoswe a M'siling'i Mwathu

Makoswe amene anavutitsa kwathu chaka chino ndinali ine. Ndikulemba chifukwa pakamwa sindingathe kufotokoza bwinobwino.

Chimalizireni sukulu, mlendo aliyense wolowa m'nyumba mwathu amabwera ndi funso limodzi: ndiye pano ukupanga chiyani? Amayi ali ndi anzawo ambiri, ena akuntchito, ena akutchalitchi, ena sindidziwa kumene anawatola. Ndikati ndiyankhe, mkamwa mumatuluka kamawu ngati ka mwana wa mphaka. Kwathu amanditchula Phee.

Pobisala panalibe. Chipinda ndimagona ndi mng'ono wanga, amene timamutchula Wailesi chifukwa chimene waona m'mawa, masana chafika kale kwa aneba. Pabalaza pamagona amalume, amene anabwera kudzakhala milungu iwiri akufuna ntchito, koma uno ndi mwezi wachisanu ndi chiwiri. Kubafa sungathe mphindi zisanu wina asanagogode.

Tsiku lina ndikufuna tsache m'kachipinda kosungiramo katundu, ndinayang'ana kumwamba n'kuona kachitseko ka siling'i. Mashelefu a m'menemo ali ngati makwerero. Ndinakwera. Munali mdima, fumbi ndi kutentha kwa malata, koma munalibe munthu. Amisiri anasiyamo thabwa lalikulu lopingasa pa mitanda. Pang'onopang'ono ndinakwezamo pilo, mabuku atatu ndi botolo la madzi. Pa lata lina panali kabowo ka msomali kamene kankalowetsa kadontho ka dzuwa ngati batani la malaya. Ndinkawerengera pamenepo, kusuntha buku mzere ndi mzere. Alendo akabwera ndinkamva amayi akundiitana, Wailesi n'kuyankha kuti mwina ndatuluka.

Vuto ndi lakuti siling'i imalira. Ukangosuntha mwendo, pansi amamva. Amayi anati ndi makoswe ndipo ankafuna kugula mankhwala. Amalume anakana. Anati mdani umayamba wamuona kaye, koma kuti akwere pafunika tochi yeniyeni, chifukwa ya pafoni ndi yofunira makiyi pansi pa mpando. Ndinalimba mtima n'kunena kuti ndikhoza kukwera ine. Onse anaseka mpaka Wailesi anatsamwa. Amayi anati munthu wothawa mphemvu sangakakumane ndi khoswe, bola anditume kusitolo kukagula tochiyo. Anandiuza chinthu chimodzi chokha: ikhale yotchaja, atopa ndi kugula mabatire.

Njira yonse ndinkaganiza. Amalume ndi onenepa ndipo amaopa zinthu kuposa mmene amanenera. Ndinkadziwa kuti angolowetsa mutu basi. Ndikanagula tochi yowala malo ochepa, n'kukankhira katundu wanga pakona ya kumbuyo kwa kachitseko, sakanaona kanthu. Ndinapita kusitolo kukasankha tochi yoipa kuposa zonse.

Wogulitsa anali mayi wa magalasi pamphumi, wolankhula ngati akuphunzitsa. Anandiyalira matochi asanu. Anati ndione kabowo kotchajira ngati kakugwirizana ndi chingwe cha foni ya kwathu, ndione ngati kali ndi kachivindikiro ka labala koteteza madzi, ndiinyamule m'manja chifukwa yopepuka kwambiri batire yake imakhala yaing'ono. Anati ina imamwaza kuwala, ina imaponya patali. Ine ndinkangogwedeza mutu ndi kuyesa imodziimodzi m'katoni yopanda kanthu imene inali pansi pa tebulo. Yachinayi, yakuda, kuwala kwake kunali kozungulira ngati kambale kakang'ono. Kunja kwa kambaleko, mdima. Ndinailoza.

Mayi uja anaitembenuza n'kuyamba kunena chinachake za kagalasi koyera, kataliko, kamene kanali m'mbali mwake. Nthawi yomweyo kumbuyo kwanga kunaima anyamata awiri amene ndinkaphunzira nawo. Ndinaopa funso lija. Ndinalipira n'kutuluka mayiyo asanamalize chiganizo. Kagalasiko ndinkayesa n'kokongoletsa.

Madzulo ake, Wailesi atapita kokasewera, ndinakwera n'kukankhira zonse pakona. Kuzitsitsa sikukanatheka, chifukwa pilo ameneyo amayi anali atamufunafuna miyezi iwiri, ndipo Wailesi anali atakalipiridwa kale kuti ndiye anamutaya.

Loweruka m'mawa amalume anakhala pafupi ndi soketi kudikira kanyale kofiira ka tochi ija kasanduke kobiriwira, ngati munthu wodikira wodwala kuchipatala. Kenako anavala. Magolovesi otsukira mbale, mpango wa amayi pamphuno, ndodo ya mopu m'manja. Makwerero anabwereka kwa aneba. Amayi anagwira makwerero, Wailesi anaima ndi ndowa kuti khoswe akagwa agweremo, ine ndinatsamira chitseko.

Zinayenda mmene ndinaganizira. Analowetsa mutu ndi phewa limodzi, n'kumatiuza zimene kambale kaja kakuonetsa. Fumbi. Waya. Fumbi lina. Msomali. Patapita kanthawi anati zikuoneka kuti makoswe amva mbiri yawo n'kusamuka, ndipo anadina batani kuti azimitse. Tochi sinazime, inangochepa mphamvu. Anadinanso, inayamba kuphethira. Anatukwana pang'ono n'kudinanso kachitatu.

Kuwala kunatsika pakachitseko mpaka kunayeretsa nkhope ya amayi. Kagalasi kam'mbali kaja ndi nyale yogwirira ntchito. Siiponya patali, imadzaza malo onse ngati wayatsa babu. Ndinaona miyendo ya amalume ikutembenuka pang'onopang'ono pamakwerero, kenako inaima.

"Achimwene, mwaona chiyani?" amayi anafunsa.



"Ndikuona zambiri, achemwali."

Atatsika anachotsa mpango uja, n'kundiyang'ana kamodzi kokha. Anati makoswe alimo, ndi ochenjera kwambiri, ndipo mankhwala angangowafetsa mkati nyumba yonse n'kununkha. Nkhaniyi ikufunika kuifufuza modekha, ndipo wina aliyense asakwereko kupatula iwo. Wailesi anafunsa kuti ndi aakulu bwanji. Amalume anakweza dzanja, n'kulikwezabe mpaka kufika cha paphewa panga, kenako anakumbuka n'kulitsitsa msanga kufika m'bondo.

Tsiku lonse ndinkadikira kuti aulule. Sananene kanthu. Pakudya anandipatsira mchere ndisanapemphe, chinthu chimene sanachitepo.

Mawa lake masana kunagogoda anzawo a amayi anayi, mmodzi wa iwo namwino. Ndinavula masilipasi, n'kukwera mashelefu monga mwa nthawi zonse. Shelefu yachitatu inali itapindika. Nditakankha kachitseko, kuwala kunandithobwa m'maso. Amalume anali atakhala pa thabwa langa, pilo wanga kumsana, buku langa m'manja. Tochi anali ataimata ku lata, chifukwa kumatako kwake kuli maginito, nayonso nkhani imene mayi wa kusitolo mwina ankafuna kundiuza.

"Tseka, Phee," ananong'ona. "Khala uko, pali malo."

Ndinakhala kumapeto kwa thabwa. Kunena zoona, ndinakwiya. Mdima unkachititsa malo aja kuoneka aakulu. Nyaleyo inaonetsa kuti ndi kampata chabe kodzaza ukonde wa akangaude, zitosi za abuluzi ndi mawaya akale, ndipo theka lake anali atatenga amalume.

"Iwe amakufunsa chiyani?" anatero osachotsa maso pabuku.

"Kuti ndikupanga chiyani."

"Ine amati, ntchito ija mwaipeza? Uja namwino amafunsa kawiri, polowa ndi potuluka."

Mkwiyo unachepako. Ndinatenga buku lina. Kuwerenga tsamba lonse nthawi imodzi, osasuntha buku, kunali kokoma, zimenezo sindingakane. Amalume amawerenga akugwedeza milomo. Pansi alendo aja ankakamba za mwana wa wina amene wapeza malo kukoleji, masupuni akulira m'makapu.

Kenako masupuni analeka kulira. Tinamva mawu a namwino uja, amene amamveka ngakhale akunong'ona.

"Anzanga, makoswe anu aja analumikiza magetsi?"

Sitinaganizepo za zimenezo. Siling'i yathu ndi yakale, ili ndi ming'alu paliponse pamene matabwa akumana. Kuwala kumene kunkatithandiza kuwerenga kunkatsika m'ming'alu yonseyo n'kujambula mizere pamitu pa alendo. Amalume anatsomphola tochi ku lata n'kuyamba kudina. Inazima, koma chala chawo chinali chitadina kale kachiwiri ndi kachitatu ndi kachinayi, ndipo tochi inayamba kuphethira italoza pansi.

"Akuvina!" anakuwa Wailesi.

Ndinamva mapazi a amayi akubwera m'kachipinda kaja. Anaima pomwe ndinasiya masilipasi. Sanakweze mawu.

"Achimwene. Phee. Tsikani mudzapereke moni."

Amalume anandipatsa tochi n'kunena kuti nditsogole, popeza ndine mwini malo.

Ndinalowa pabalaza ukonde wa akangaude uli m'tsitsi, mawondo ali mbuu. Ndinapereka moni kwa aliyense ndi kamawu kaja. Amalume anapereka moni umodzi wa onse ali pakhomo, n'kulowa kubafa. Anakhalako ola lathunthu ndipo palibe anagogoda.

Namwino anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiye pano ukupanga chiyani, mwanawe?"

Anzake anaphulika kuseka. Ine ndinayang'ana pansi n'kunena zoona, chifukwa bodza linali litatha. Ndinati sindikudziwa.

Ndinkayembekezera ulaliki. Iye anangoti nayenso pa msinkhu wanga sankadziwa, kenako anatambasula dzanja kuti aone tochi. Anati yake ya kuntchito imatha moto asanamalize kuona odwala atatu, ndipo akamamanga bala amachita kuiluma pakamwa. Anafunsa kuti munthu amasankha bwanji yabwino.

Sindikudziwa chinandigwira. Ndinamuonetsa kabowo kotchajira ndi kachivindikiro kake. Ndinamuuza kuti aziinyamula kaye m'manja amve kulemera, aziyesa m'katoni, azidina batani mpaka lizungulire lonse asanalipire, chifukwa kuti ufike pa nyale yam'mbali umadutsa kaye pa kuphethira, ndipo wodwala akhoza kudabwa. Ndinaimata pa chitseko cha firiji kuti aone kuti manja onse awiri amatsala omasuka. Mayi wina anafunsa ngati ingathandize kuona mkati mwa makina osokera, ndinati inde, koma aiike cham'mbali kuti singano isapange mthunzi. Ndinalankhula mwina mphindi khumi. Wailesi anali atatsegula pakamwa. Amayi ankandiyang'ana ngati mwana wa aneba walowa m'nyumba molakwitsa.

Alendo atapita, amayi sanakalipe. Anandiuza kuti nditsitse pilo, ndimuchape, ndipepese kwa mng'ono wanga. Wailesi anati kupepesa kamodzi sikukwanira miyezi iwiri, ndiye ndinapepesa katatu. Ndinafunsa, motsitsa mawu, ngati ndingamakwerebe nthawi zina pakakhala palibe alendo. Amayi anati mwana wawo sadzagwa kuchokera kudenga iwo ali moyo, ndipo siling'i si yawo, ndi ya eni nyumba.

Lolemba m'mawa amalume anakweranso makwerero a aneba, ulendo uno ndi hamala. Ndinaima pakhomo n'kumamvetsera kugogodako. Anakhoma misomali inayi, umodzi pakona iliyonse ya kachitseko kaja, mosalimbitsa kwenikweni, n'kuyamba kutsika osandiyang'ana. Amayi anapisa m'thumba la epuloni n'kuwapatsa ina iwiri.