Oweruka M'mawa

Haimbodi sanaone pamene sitima yaikulu imene anabwera nayo inasowa. Anali atawerama akukoka mono wa nkhanu, ndipo podzutsa mutu anapeza nkhungu itatseka mbali zonse. M'kabwato ka nkhafi ziwiri munali iye ndi mlamu wake Gawanab basi, kumwera kwa doko la Lüderitz, kumene madzi amazizira moti munthu akagweramo sachedwa kuuma manja.

Anakuwa mpaka mawu kusasa. Hutala ya sitima inalira kamodzi, koma mu nkhungu phokoso limachokera paliponse. Gawanab analoza kumanja, Haimbodi kumanzere, ndipo anapalasa ola lathunthu osadziwa ngati akulowera kumtunda kapena pakati pa nyanja. Onse awiri ankadziwa chimene palibe ankafuna kutchula: masana akakwana mphepo ya kumwera imadzuka, ndipo kabwato kotere sikangalimbane nayo.

Gawanab, munthu wapakamwa, anayamba kuwerenga milandu. Ati ndi Haimbodi anaumirira zokaponya miono kutali ndi anzawo, ndi iyenso anasiya kampasi m'thumba la jekete ina. Zonsezo zinali zoona, n'chifukwa chake zinawawa.

Kenako anamva kupuma pafupi ndi nkhafi. Anali madolifini, nyama za m'nyanja zopuma mpweya; a kuno ndi afupiafupi onenepa, osaposa munthu kutalika, akuda kumsana, oyera kumimba, opanda mlomo wautali. Analipo asanu, wina ali ndi kamwana kotsamira m'nthiti mwake. Anazungulira bwato kawiri, anaona kuti n'laulesi losati n'kupikisana nalo, n'kupitiriza ulendo wawo.

"Awo akupita kwakuya kukadya," anatero Gawanab. "Tiwapatse nkhongo, alamu. Kumtunda n'kumbuyo kwathu kuno."

Haimbodi anafunsa nthawi. Gawanab anayankha kuti wotchi sinapulumutsepo munthu, koma anayang'anabe pamkono. Inali isanakwane naini koloko.

Zaka makumi awiri Haimbodi wakhala akutuluka padoko m'mamawa, ndipo masiku onsewo ankakumana ndi madolifiniwa iwo akulowa. Amadya usiku, kutali, nsomba za heki zikakwera pamwamba. Kukacha amabwerera kufupi ndi gombe kukapuma ndi kusewera m'mafunde, ndipo amatulukanso dzuwa likapendeka. Iye ankawatchula a shifiti ya usiku, ngati mkazi wake wa ku fakitale ya nsomba, amene amasemphana naye pakhomo. Sanaganizepo kuti zimenezi n'zofunika kuzidziwa.

"Awa aweruka, alamu," anatero Haimbodi. "Akupita kunyumba."

"Ndiye moyo wanga muupereke kwa nsomba?"

"Izi si nsomba. Nsomba siyamwitsa. Palasani."

Gawanab anatukwana m'Chinama, chilankhulo chakwawo, koma anapalasa.

Kulondola nyama zoterezi ndi nkhafi si masewera. Pasanapite mphindi zitatu zinali zitasowa, ndipo amuna awiriwo ankaima, n'kutchera khutu, kufunafuna kupuma kuja. Kawiri konse anakhala nthawi yaitali osamva kanthu, Haimbodi akudzifunsa chamumtima kuti bwanji ngati zimenezi zikungosewera, bwanji ngati akumutengera mlamu wake ku imfa. Akati ataye mtima, madolifini awiri ena ankatulukira kumbuyo, n'kuwapitirira, kulowera komwe kuja. Mmodzi wa chipsepse chong'ambika anabwerera katatu kudzasisita mphuno ya bwato. Haimbodi ankadziwa bwino kuti sikuti akuwamvera chisoni, ndi khalidwe lawo chabe, komabe ankati akamuona mphamvu zinkabwerera m'mapewa.

Matuza anaphulika m'manja. Mphepo inayamba kunong'ona kumakutu, ndipo Gawanab anasiya kutukwana, chinthu chimene chinamuopsa Haimbodi kuposa nkhungu.

Apo nkhafi inakodwa. Haimbodi anaikoka n'kupeza itakulungidwa ndi zomera zija zazitali zofiirira zimene zimamera pamiyala kufupi ndi gombe. Anaikweza kuti mlamu wake aone. Pang'ono pokha anamva mafunde akuswa kutsogolo.

Anakokera bwato pamchenga wa m'chipululu, m'dera la migodi ya dayamondi losaloledwa kupondamo. Sipanapite nthawi, mlonda anafika pa galimoto, nkhope ili gwa. Anawauza kuti aphwanya lamulo ndipo ayenera kuwatenga akafotokoze bwino ku ofesi.

"Titengeni, bwana," anatero Gawanab, akupereka manja onse awiri. "Ngakhale sabata mutisunge. Pali pouma?"

Mlondayo anayang'ana kabwatoko, anayang'ana nyanja imene tsopano inali itayamba kuchita thovu, n'kufunsa kuti wawalondolera ndani popanda kampasi.

"Alamu angawa," anatero Gawanab.

Haimbodi anapukusa mutu. Kuseri kwa mafunde madolifini aja ankadumpha, osalabadira za munthu aliyense. Anavula chipewa powathokoza. Anakhala pansi pamchenga n'kulira, osachita manyazi.