Mtima wa Juliana Panjira ya ku Mulunguzi

Mu Disembala 2023, mvula itayamba, Juliana anasiya kukwera phiri la Zomba kukatola nkhuni. Anabwera ku Mtiya mu Epulo chaka chomwecho kuchokera ku Phalombe, namondwe wa Freddy atakokolola nyumba yake pamodzi ndi amayi ake. Ankakhala kwa achimwene ake, a Gilson, ndipo nkhuni zomwe ankagulitsa ndi zomwe zinkamudyetsa iye ndi mwana wake.

Vuto linayamba tsiku lina akutsika ndi amayi anzake pafupi ndi mtsinje wa Mulunguzi. Madzi anali atadzaza, akulindima m'miyala. Mwadzidzidzi mtima wake unayamba kuthamanga. Anabanika, manja anachita dzanzi, thukuta n'kumangoyenderera. Anaponya mtolo n'kukhala pansi, akuti imfa ija yafika. Patangopita kanthawi, zonse zinatha.

Zitachitikanso, anzake aja anayamba kunyamuka m'mawa osamugogodera. Ena ankati ndi khunyu, ena ankati mutu wayamba kusokonekera. Kunkhalango sikupitika uli wekha. Juliana ankangokhala pakhonde, kuyang'ana mitambo ikuphimba phiri.

"Bwanji osapita kuchipatala, alamu?" anafunsa a Malita, akazi a Gilson.

"Kuno ku Zomba? Akangomva zangazi akanditsekera kuchipatala cha amisala. Nanga mwanayu atsala ndi ndani?"

Mawa lake a Malita anabwera ndi a Rosebell, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo.

"Zikakugwirani mumakomoka?" anafunsa a Rosebell.

"Ayi. Ndimamva zonse. Bola ndikanamakomoka."

"Zimayamba mukaona chiyani?"

Juliana anati, "Ndikamva madzi akulindima. Ankamveka choncho tsiku la namondwe lija."

"Achemwali, zomwe mukunenazi zikufanana ndi matenda a nkhawa," anatero a Rosebell. "Thupi limachita ngati ngozi yafika pomwe ngozi palibe. Mtima umathamanga, munthu amabanika, amanjenjemera, amamva chizungulire, nseru kapena kuwawa pachifuwa. Zimafika pachimake m'mphindi zochepa, kenaka zimatsika zokha. Koma ine sindilosera. Tiyeni akakuyezeni kaye, chifukwa matenda a mtima, mphumu ndi shuga nawonso amayamba chonchi."

"Sakanditsekera?"

"Akatsekera munthu aliyense wa nkhawa, mu Zomba muno mutsala ndani? Ine ndemwe ndikhala woyamba kulowa."

Juliana anaseka pang'ono. A Malita anali asanamumvepo akuseka.

Kuchipatala anamuyeza magazi, shuga ndi mtima, ndipo zonse zinali bwino. Anamutumiza kwa namwino wa uphungu, yemwe anamulola kufotokoza za amayi ake mpaka mapeto. Anamuphunzitsanso chochita zikamugwira: kukhala pansi, kukoka mpweya pang'onopang'ono ndi mphuno, kuutulutsa mosafulumira ndi pakamwa, n'kumadziuza kuti izi zitha. Tsiku lomwelo Juliana anabwerera kunyumba, atauzidwa tsiku lodzabweranso.

Juliana atavomera kuti anzake auzidwe za vuto lake, a Rosebell anakumana ndi amayi a nkhuni aja pampopi.

"Ndiye sizopatsirana?" anafunsa a Elsie, wamkulu pagululo.

"Ayi. Ngakhale khunyu lomwe mumathawalo silipatsirana. Zikamugwira musamuunjirire, musamuthire madzi. Mmodzi akhale naye, azimuyankhula mofatsa."

Mu Febuluwale 2024 Juliana anakweranso phiri. Pobwerera, pamalo omwe aja, mtima unayambanso. Anatula mtolo wake bwinobwino, anakhala pamwala, n'kuyamba kupuma monga anamuphunzitsira. A Elsie anakhala pambali pake.

"Pumani, achemwali. Nkhunizi zilibe miyendo, sizithawa."

Patapita kanthawi, mtima unakhazikika. Juliana anapukuta nkhope ndi chitenje, a Elsie anamusenzetsa, ndipo onse anatsika limodzi mpaka kumsika.

Kuthamanga kwa mtima, kubanika, thukuta, dzanzi ndi mantha oti ukufa, zobwera mwadzidzidzi, zikhoza kukhala zizindikiro za matenda a nkhawa. Si ufiti, si misala, ndipo thandizo lilipo. Pitani kuchipatala akakuyezeni, makamaka ngati pachifuwa pakuwawa. Ndipo mnzanu zikamugwira, musamusiye yekha.