Jakisoni Wachiwiri wa Kapitawo

Galu wathu Kapitawo anamupeza ndi matenda a shuga atakalamba kale. Ankamwa madzi osakhuta, n'kumakodza paliponse. Adokotala a ziweto, mayi wamfupi wosakonda zocheza, anatipatsa kabotolo ka mankhwala a insulini kosunga m'firiji ndi lamulo lake: adye kaye, kenako jakisoni mmodzi pachikopa cha kumbuyo kwa khosi, m'mawa ndi madzulo.

M'mawa ndinkabaya ine, madzulo amuna anga. Zinayenda bwino miyezi inayi, mpaka sabata imene tinayambana. Chimene tinayambanirana sindinena, koma olakwa anali iwowo. Tinasiya kulankhulana. Ngakhale mchere patebulo tinkachita kulozerana ndi chala.

Lachinayi ndinadzuka mochedwa. Ndinamuikira Kapitawo chakudya, iye anangonyambita pang'ono n'kuchokapo. Ndinali pachangu, ndiye ndinamubaya choncho. Sindinadziwe kuti amuna anga anali atamudyetsa kale, kumubaya, mbale n'kutsuka bwinobwino. Anthu osatsuka ndi kapu yomwe, tsiku limenelo ukhondo unawagwira!

Pasanathe maola awiri galu anayamba kunjenjemera, miyendo lobodo, n'kugwa pafupi ndi firiji. Mtima wanga unachoka. Ndinaimbira adokotala foni.

"Mupakeni uchi m'nkhama, mubwere naye pompano," anatero.

Amuna anga anamunyamula, ine ndinatsekula zitseko. Kuchipatalako adokotala anamumeta mwendo, kumuika diripi, kenako anatiyang'ana.

"Shuga watsika kwambiri. Wamubaya ndani m'mawa uno?"

"Ine," tinayankha tonse awiri.

"Kodi kunyumba kwanuko mumalankhulana?"

Ine ndinangoyang'ana sikelo yoyezera agalu ili pakona.

"Kadikireni panja. Sindikulonjezani kanthu," anatero adokotala.

Tinakhala pabenchi, pakati pathu malo okwana munthu wina. Patapita nthawi amuna anga anatsokomola.

"Mayi, ndinaona kuti mwatopa. Ndimati mugoneko pang'ono."

Ndinafuna kuwakalipira kuti pakamwa anali napo, akanangondiuza. Koma nanenso ndinali napo, ndipo ndinawadutsa m'khitchini atayang'ana kumbali, jakisoni ali m'manja mwanga, osawafunsa kanthu. Manyazi anandigwira, mantha osanena.

Chitseko chinatseguka. "Wadzutsa mutu," anatero adokotala. "Agona kuno masiku awiri. Alowe mmodzi yekha, asadzidzimuke."

Tinayang'anana.

"Lowani inuyo, bambo," ndinatero. "Koma mukatuluka mundiuze zonse."